Tsiku Limene Tinaphikira Amalume Nkhuku M'mkaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pamene ndinachoka kwathu ku Lungwena kukakhala ndi alamu anga pa boma ku Mangochi. Mayeso a folomu 4 sanandiyendere bwino, ndipo achimwene, amene anali ku Joni, anatumiza mawu akuti ndikabwereze kalasi m'tauni, ndizikhala ndi akazi awo. Alamu anandilandira ndi manja awiri. Ine ndinkayesetsa kuti asadzadandaule nane. Ndinkadzuka iwo asanadzuke, kusesa, kukolopa, kuyatsa mbaula, kenako n'kuthamangira kusukulu. Zolankhula ndinalibe zambiri. Ngakhale kufunsa pamene pankakhala mchere ndinkachita manyazi, ndinkangofufuza mpaka nditaupeza.

Patatha miyezi itatu mayi anaimba foni. Anati amalume akubwera Loweruka kudzanditenga. Kwathu nkhani za ana amaweruza ndi mlongo wa mayi, ndipo amalume akanena chinthu sabwereza. Banja lina la m'mudzi mwathu linali litabwera kudzandifunsira mbeta, mwana wawo anali ndi boti la injini. Amalume anawayankha kuti sukulu ndinaiyesa ndipo inandikana, palibe chodikira. Ine mnyamatayo ndinkangomudziwa nkhope. Chimene ndinkafuna chinali kulembanso mayeso, koma sindinayambe ndatsutsapo amalume chibadwire.

Alamu nditawauza anati, "Musalire, alamu. Tiwalandira bwino, adye, akhute, ndiye ine ndiwapempha mwaulemu. Ndiwaphikira chakudya chimene sanadyepo."

Asanakwatiwe, alamu ankagwira ntchito m'khitchini ya loji ina ku Nkhudzi, ndipo mwini wake anali mayi wachikulire wa ku Italy. Mayiyo anawaphunzitsa supu wa nkhuku amene ankaphikidwa kukabwera alendo olemekezeka okha. Alamu ankamunena supuyo ngati mmene ena amanenera chovala cha pa ukwati. Ine ndinamva mawu akuti nkhuku basi, mtima unakhala pansi. Mlendo wophikiridwa nkhuku sakwiya.

Loweruka m'mawa bambo a nyumba yoyandikana nafe anatizingira tambala wamkulu, poti ife akazi sitizinga nkhuku. Alamu anapita kusitolo, ine ndinatsala ndikusosola. Ndinawawula, ndinatumbula, n'kudula mmene mayi anandiphunzitsira, chiwalo chilichonse podulira pake: ntchafu ziwiri, mapiko awiri, nganga, msana, khosi. Nthutumba ndinaing'amba, kuisenda m'kati, kuitsuka katatu, n'kuiika pamwamba pa zonse. Kwathu nkhuku ya mlendo imapita yonse m'bakuli. Mlendo akavundukula amaona ndi maso ake kuti am'phera nkhuku yathunthu, ndipo nthutumba imakhala yake. Ikasowa, ndiye kuti wina wadya mlendo asanadye, ndipo nkhani yake imatha kufika mpaka kwa ankhoswe.

Alamu atabwera anasuzumira m'beseni. "Mwadula bwino, koma mwavutika chabe," anatero. Anatenga mbale yaing'ono n'kuyamba kutola: mutu, zipalapasiro, chiwindi, khosi. Pomaliza anatola nthutumba. "Izi sizilowa mu supu. Kawapatseni amayi a kuseriko, amuna awo atithandiza."

Ndinaima ndi mbale ija m'manja. Ndinaganiza kuti mwina m'tauni zimatero, ine wa kumudzi ndingaphunzitse chiyani munthu amene anaphikirapo azungu? Ndinapita. Amayi a kuseri analandira, kuyang'ana m'mbale, kundiyang'ana ine.

"Ndi nthutumba yomwe? Si mwati kukubwera amalume anu?"

"Eya."

"Nanga akadya chiyani?"

Ndinangowerama n'kubwerera.

Nditafika ndinapeza nkhuku ili kale pa moto, m'madzi ambiri, yosakazinga, yopanda tomato. Inawira mpaka inafewa, yotuwa ngati ya munthu wodwala. Alamu anaivuula, anaiika m'thireyi kuti izizire, kenako anandiuza kuti ndisambe m'manja.

"Chotsani khungu lonse. Minofu muichotse ku mafupa, muinyotsole ting'onoting'ono ngati ulusi."

"Yonse, alamu?"

"Yonse. Pasatsale fupa."

Ndinakhala pa mpando waufupi n'kuyamba kuwononga ntchito yanga yomwe. Ntchafu ija ndinaidula mosamala inasanduka timaulusi. Nganga inasanduka timaulusi. Pomaliza munthu sakanatha kunena kuti ili linali phiko, uwu unali msana. Tambala amene m'mawa ankalira pabwalo anakwana m'mbale imodzi, kamulu koyera ngati zotsala za ana. Koma ndinanyotsola bwinobwino, chifukwa ndinauzidwa kutero.

Alamu anali pa chimwemwe, akuimba pansipansi. Anasungunula batala m'poto, anathiramo anyezi, adyo ndi karoti wodula timabokosi. Fungo lake linali labwino, ndipo ndinayamba kudzilimbitsa mtima. Anawazamo fulawa pang'ono, anatakasa, n'kumathira msuzi uja tinawiritsira nkhuku, atausefa. Pa tebulo anali atakanda mbatatesi yophika pamodzi ndi fulawa ndi dzira. Anandionetsa kupota mtandawo ngati chingwe n'kumadula tizidutswa tofanana ndi chala chachikulu. Tinatiponya m'poto, tinamira, patapita kanthawi tinayandama. Anathira nkhuku ija ndi masamba a sipinachi.

Kenako anatsegula kabotolo kamene anagula kusitolo n'kuyamba kukhuthulira m'poto chinthu choyera cholemera.

"Alamu!" Aka kanali koyamba kukweza mawu m'nyumba imeneyo. "Umenewo ndi mkaka!"

"Ndi kirimu. Inde, ndi mkaka womwewo, koma wonona."

"Mu nkhuku?"

Anaseka mpaka anagwira khoma. "Mmene mwatuzulira masomo! Ngati ndathira palafini."

Ine mkaka ndinkaudziwa mu tiyi, nawonso wa pa Idi kapena munthu akadwala. Ndinayang'ana poto yense akusanduka woyera, masamba obiriwira akuyandama m'menemo. Alamu anapala tchizi pamwamba, anatakasa, anatunga ndi supuni n'kundipatsa. Kukana sindikanatha. Ndinatseka maso n'kumeza.

Chimene chinandidabwitsa koposa zonse tsiku limenelo n'chakuti anali wokoma. Anali wofewa pakhosi, adyo akumvekera patali, nkhuku ikumveka paliponse ngakhale sinkaoneka. Ndinatsegula maso, alamu akundiyang'ana ndi nkhope yowala. Pamenepo mpamene ndikanawauza. Ndikanati, alamu, ndi wokoma, koma amalume sadya ndi lilime lokha, amayamba ndi maso, amawerenga ziwalo. Mawuwo ndinali nawo okonzeka. Koma nkhope yawo inali yosangalala kwambiri, ndipo ndinangoti, "Ndi wokoma, alamu."

Amalume anafika pa kabaza itangotha swala, pemphero la masana, atavala mkanjo wawo woyera wa maulendo. Tinawalonjera titagwada. Anafunsa za achimwene, za mvula, za mtengo wa chimanga pa boma. Za ine sanafunse kanthu, anangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti tinyamuka dzuwa likapepa. Ndinawasambitsa m'manja. Alamu anabweretsa bakuli lalikulu, mbale yakuya, buledi wodula ndi supuni, n'kukhala pa mkeka chapatali. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko.

Amalume anadikira. Ndinadziwa kuti akudikira nsima. Ataona kuti palibe amene akudzuka, anati bisimila, n'kuvundukula bakuli. Anayang'ana m'menemo nthawi yaitali.

"Apongozi, kodi muno muli wodwala?"

"Ayi, amalume."

"Nanga phalali ndi la ndani?"

"Si phala, amalume, ndi nkhuku. Takupherani tambala."

Anatenga supuni n'kuyamba kuvundula pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza ndolo yogwera m'chitsime. Anatukula kaulusi kamodzi ka nyama, kakudontha zoyera, n'kukayang'anitsitsa.

"Tambalayo ndi ameneyu?"

"Eya, tinachita kunyotsola."

"Ananyotsola ndani, mphaka? Mwendo uli kuti? Phiko? Nthutumba ili kuti?" Anavundulanso. "Ine ndakalamba, koma makombo ndimawadziwa. Nkhuku mwadya m'mawa, ine mwandikokotera za m'mbale. Nanga choyerachi?"

Alamu anayankha motsitsa kwambiri. "Mkaka."

"Asitafurulahi!" Supuni inagwera pa tebulo. Amalume anakankhira mbale kutali ngati ingawalume. "Ndayenda ulendo wonsewu kudzanyozedwa m'nyumba ya mwana wa mlongo wanga? Mwamuna wanu ndimuimbira lero lomwe, amve mmene mumalandirira abale ake iye kulibe."

Ndinayang'ana alamu. Nkhope ija inali yowala m'khitchini inali itagwa. Munthu ameneyu anandipatsa chipinda, anandigulira makope, ndipo tsikulo anadzuka m'mamawa kuti andipulumutse ndi chinthu chabwino koposa chimene ankachidziwa. Ine ndinkadziwa kuti zitha chonchi kuyambira pamene ndinanyamula mbale ija kupita nayo kuseri, ndipo sindinanene.

"Ndaphika ndine, amalume."

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Alamu anatembenuka, "Ayi, alamu, musa..." koma ine ndinapitiriza, maso ali pansi. "Alamu anapita kusitolo. Anandisiyira nkhuku kuti ndikonze."

"Iwe?" anatero amalume. "Wanyotsola ndiwe?"

"Eya."

"Nthutumba?"

"Ndinakapereka kwa aneba."

"Kwa aneba! Nanga mkaka?"

Apa pokha mpamene ndinanama kotheratu. "Ndinathira ndine. Ndinkayesa zikoma."

Kunja wina ankaitanira usipa. Amalume anavula chisoti, anapukuta m'mutu, anachivalanso. Ankandiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo, ndipo mkwiyo uja unayamba kusanduka mantha.

"Mayi ako anakuphunzitsa chiyani zaka zonsezi? Msinkhu wonsewu, sudziwa kuti nthutumba ndi ya mlendo?" Sanadikire yankho. Anayamba kulankhula okha, akuyang'ana bakuli. "Anthu aja ndawalonjeza mkazi. Mayi wa mnyamata uja pakamwa pake ndimapadziwa. Tsiku loyamba adzam'patsa mwanayu nkhuku kuti amuyese, uyu n'kuthiramo mkaka. Sabata siitha, atibwezera, ndipo Lungwena yense adzatiimba nyimbo mpaka kudoko. Ine ndizidzayenda bwanji popita ku mzikiti?"

Anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenako anandiloza ndi chala.

"Sindingapereke mwana wotere kwa eni ake. Ukhale konkuno. Mwina zolembalembazo udzakhoza, poti za m'khitchini zakukanika." Anatembenukira kwa alamu, mawu atafewa. "Apongozi, pepani, ndinakunenani pachabe. Koma musamamusiye yekha ndi poto. Muphunzitseni kuphika mwanayu, chonde, mutithandize."

Alamu anayankha kuti ayesetsa. Mawu awo anatuluka opyapyala, ndipo sanandiyang'ane.

Amalume anamwa tiyi wopanda mkaka ndi buledi uja, anakana kuti tiwaphikire china, ndipo dzuwa lisanapepe n'komwe anakwera kabaza okha. Titabwerera m'nyumba alamu anakhala pansi pafupi ndi bakuli lija, lodzaza mmene analibweretsera. Ndinkayembekeza kuti aseka, koma sanaseke. Anati, "Ine ndinkayesa ndikuwalemekeza. Bwanji simunandiuze?" Ndinagwada n'kupepesa, iwo anandigwira paphewa, tinakhala choncho kanthawi.

Nkhani inafika kumudzi tsiku lomwelo. Mayi anaimba foni akulira, akuti ndawavula pagulu, amayi anzawo akuwafunsa ngati mwana wawo anakulira m'nyumba kapena m'tchire. Ndinamvetsera mpaka anamaliza, ndinapepesa, choona sindinawauze, chifukwa chikanafika kwa amalume. Banja lija linakafunsira kwina mwezi womwewo. Lolemba ndinapita kusukulu.

Papita zaka tsopano. Ndikapita kumudzi pa sadaka kapena pa ukwati, amayi akamagawana ntchito kumaphikiro, ine amandipatsa ndowa kuti ndizitunga madzi, kapena mulu wa mbale zotsuka. Ndikayandikira poto wa ndiwo wina amafuula, "Mugwireni uyo, wabisa mkaka m'chitenje!" ndipo onse amafa nacho chiseko. Ine ndimaseka nawo pang'ono, n'kunyamula ndowa yanga kupita kumjigo.