Tsiku Limene Amayi Anauluza Nyemba M'sitolo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene banja lathu linagula fani, ife anthu a ku Kaphuka amene tinalibe magetsi, amenenso kutentha tinkangokumva m'nkhani. Ndikamafotokoza zimenezi anthu amaseka, ndipo sindiwaletsa. Kwathu ku Dedza juzi timavala ngakhale mu Okutobala, m'mawa chifunga chitakuta phiri lonse. Mphepo tinali nayo yaulere, yochita kung'amba milomo. Ndiye munthu n'kutenga ndalama za mbatata ya kachewere, thukuta la chaka chathunthu, kukagula mphepo? Anthu m'mudzi anati amayi azungulira mutu.

Chinayambitsa zonsezi ndi kalata ya akulu anga, a Felesita. Iwo anakwatiwa ku Nchalo, kuchigwa cha Shire, kumene amuna awo ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ankakhala m'nyumba ya kampani, yamalata, yamagetsi. Anali atangobereka mwana wawo woyamba, Dalitso. Kalatayo ndinawerengera amayi ndine, poti iwo sukulu sanapondeko, abambo ali kumigodi ku Joni. Inali yaifupi. Mwana watuluka totupa thupi lonse chifukwa cha thukuta, sakugona, akulira mpaka mawu kusasa, bere akulikana, kusikelo watsika. Kuchipatala anena kuti azimugoneka pozizira. "Koma amayi," analemba choncho, "pozizira kuno n'kuti?"

Amayi anandiuza kuti ndibwereze. Nditamaliza kachiwiri anati, "Iwe Rozina, chija umatisokosa nacho chija, chopanga mphepo, dzina lake n'chiyani?"

Apa ndiyenera kuulula khalidwe langa. Tchuthi chapitacho ndinali nditapita ku Nchalo kukathandiza akulu anga ali oyembekezera, ndipo powaperekeza kusikelo ndinaona fani ikuzungulira patebulo la adokotala. Ndinaiona kwa nthawi yochepa chabe, ndili pakhomo. Koma nditabwerera kumudzi, aa, mukanandimva! Kuchitsime, kusukulu, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani yanga inali fani. M'mudzi monse munalibe wina amene anaionapo, choncho ine ndinasanduka katswiri, ndipo ndinkayenda ngati ndinaipanga ndine.

"Mawa tikupita kuboma," anatero amayi. "Ukasankhe ndiwe, poti ndiwe ukuidziwa. Koma ukasankhe bwino. Mbatata ina kulibe."

Tinalawira m'mamawa, amayi atasenza thumba la nyemba zoti akagulitse, ine nditanyamula lichero. Pachipata cha msika ayufi anafunsa khadi lachipani, amayi analitulutsa pamfundo ya chitenje, tinalowa. Nyemba zinatha dzuwa lisanafike pamutu, kupatula zapansi pa thumba zimene zinali ndi makoko ndi fumbi. Kenaka tinayamba kufunsa sitolo ndi sitolo. Ena ankatiyang'ana ngati tafunsa bwato. Pamapeto wina anatilozera kwa a Filipo, amene anatenga sitolo ya mmwenye wina atasamukira ku Lilongwe.

A Filipo anali bambo wonenepa, wakumaso kowala, wovala jekete m'sitolo mwake momwe. Atamva chomwe tikufuna anaomba m'manja. "Mayi, mwachokera kwa Mulungu! Mafani atatu alipo. Ndinawapeza momwemuno, ndipo chitengereni sitoloyi palibe anawafunsapo mtengo."

Anawatulutsa m'chipinda chakumbuyo, kuwapukuta akangaude, n'kuwandandalika. Yoyamba inali yaitali kundiposa ine, yoima pamwendo umodzi, mapiko ake achitsulo ali waliwali. Yachiwiri inali kakang'ono kapulasitiki, kobiriwira, kotchipa kuposa onse. Yachitatu inali yapatebulo, yotuwa, yosaoneka bwino, penti itasupuka pambali, yokhala ndi mabatani atatu. Ine mtima wanga unali utapita kale ndi yaitali ija. Mtengo wake unkameza ndalama zonse za mbatata, koma zimenezo sindinazilabadire.

A Filipo analumikiza yaitaliyo kumagetsi n'kudina. Abale inu, sindidzaiwala. Mapiko aja anayamba pang'onopang'ono, kenaka anangosowa, n'kutsala chizungulire chonyezimira, ndipo m'nyumba yotseka mawindo munabadwa mphepo. Sinachokere kuphiri, sinachokere kudambo. Inachokera m'chinthu chimene munthu angathe kuchinyamula. Amayi anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Anthu odutsa anayamba kuunjikana pakhomo. Ine ndinachita tsembwe thupi lonse, mwina chifukwa cha kuzizira, mwina mantha.

"Yomweyi!" ndinakuwa motero kuti apakhomo amve. "Ngakhale ya adokotala siifika apa."

Anayatsa enawo imodziimodzi, ife n'kumaima kutsogolo kwake. Apa m'pamene panali vuto lathu anthu a ku Dedza. Fani iliyonse inkatizizira. Ngakhale kakang'ono kaja kanachititsa amayi kukokera juzi m'khosi. Tikanatsatira khungu lathu, tikanati onse atatu ndi amphamvu mopitirira muyeso.

"Thupi langa likundinamiza," anatero amayi. "Ndine munthu wozizidwa kale. Bweretsa lichero."

Anakhuthulira m'lichero nyemba zamakoko zija. A Filipo anatsegula pakamwa kuti aletse, koma anaona kuti kasitomala wa fani sabwera kawiri, anangomeza mawu. Amayi anaima patsogolo pa fani yaitali, kukweza lichero m'mwamba, n'kuyamba kuthira nyemba pang'onopang'ono pathumba limene anayala pansi, monga ankachitira pabwalo pouluza, kuti mphepo itenge makoko nyemba zigwe zokha.

Zimene zinachitika sitinaziyembekeze. Mphepo ija inatenga zonse, makoko ndi nyemba zomwe, n'kuzimwaza sitolo yonse. Zina zinagwera m'shuga, zina m'misomali. Ndipo zingapo zinakamenya galasi la chithunzi cha Pulezidenti chimene chinali pamwamba pakhoma, kuti the, the, the, chithunzicho n'kupendekeka.

M'sitolo munangoti zii. Amene simunakhaleko masiku amenewo simungamvetse. A Filipo, ndi thupi lawo lonse lija, anadumphira pakauntala ngati mnyamata, kuwongola chithunzi, kuchipukuta ndi mkono wa jekete, maso ali pakhomo. Anthu apakhomo aja aliyense anapeza poyang'ana pena. Mwamwayi panalibe wayufi pakati pawo. A Filipo anatsika, kuzimitsa faniyo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, enawa tiyesere chakuuku."

Ine nkhope inali itagwa. Amayi sanandinyoze. Anatola nyemba zawo modekha, n'kundifunsa kuti, "Dalitso ndi wamkulu bwanji?" Ndinati sindinamuone, koma ndi wa miyezi iwiri. "Ndiye umugoneke pamphepo yonyamula nyemba?" Anayendanso kukagwira kumbuyo kwa faniyo ndi kuseri kwa dzanja, momwe ankatigwirira pachipumi tikadwala malungo. "Yangogwira ntchito pang'ono, yatentha kale. Kumene ikupitako izigwira tsiku lonse. Komanso phokosoli ndi la chigayo, mwana sangagonepo."

Kakang'ono kobiriwira kaja kanalephera mwamtundu wina. Amayi ataima pafupi, makoko anauluka pang'ono. Atabwerera m'mbuyo mapazi awiri okha, makoko ndi nyemba zinagwera pamodzi pathumba ngati palibe chikuchitika. A Filipo anayesa kukachemerera kuti n'kotchipa, kosadya magetsi. Amayi anati, "Zoona n'kotchipa, bambo. Koma ndikagula kameneka ndiye kuti ndalama ndataya, mwana ndatayanso."

Yotuwa ija itayatsidwa, inachita chinthu chimene ngakhale ine katswiri sindinkachidziwa. Inayamba kupotoloza khosi, kumanja, kumanzere, mwaulemu, ngati munthu akupereka moni kwa anthu onse m'nyumba. Apakhomo anati, "Ii, ili ndi moyo!" Mawu ake anali apansipansi. A Filipo anaiimitsa khosi, amayi anakweza lichero. Nyemba zinagwa pathumba zoyera bwino, makoko n'kuyandama kukatera cha uko, pamalo amodzi. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, anathira. Linanso, anathira. Anafika mapazi asanu makoko akuulukabe. Ndinkawaona amayi akuuluza chaka ndi chaka osaganizapo kanthu, koma tsiku limenelo, m'sitolo ya eni, pakati pa zinthu zachizungu, ndinaona kuti mayi wosadziwa kulemba dzina lake ankaidziwa mphepo kuposa tonse tinali mmenemo. Ankaiyang'ana ndi maso, kuimvera ndi khutu, n'kudziwa kumene ikuthera.

Manyazi atandichepa, ndinakumbukira chinthu chenicheni chimene ndinachiona ku Nchalo, osati zodzitama zija. "Amayi, kumene kuja kuli udzudzu. Mwana amagona m'neti." Neti m'sitolomo munalibe, poti ku Dedza angaigule ndani. Amayi anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga sefa ya ufa pashelefu. Anandiuza kuti ndiigwire patsogolo pa fani, iwo n'kuika khoko limodzi padzanja kuseri kwake. Pa batani loyamba khokolo linangogwedezeka. Pa lachiwiri linanyamuka n'kugwa pansi. "Wanena zanzeru," anatero. Mawu awiri amenewo ndinawasunga kuposa satifiketi iliyonse imene ndinadzalandira pambuyo pake.

Sanagule msanga. Anakhala pathumba la mchere n'kuisiya faniyo ikuzungulira kwa nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba zofutsa mpaka kupsa, a Filipo akudandaula za magetsi awo. Kenaka anaigwira kumbuyo. Inali yofunda pang'ono chabe. Anamasula mfundo ya chitenje. Mtengo wake unali wapakati, ndipo zotsalazo zinakwanira basi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Tikanatenga yanga yonyezimira ija, bwenzi titaituma ndi kondakitala, amayi osamuona mdzukulu wawo.

Patapita masiku awiri tinanyamuka. Faniyo amayi anaikulunga m'bulangete n'kuifungata pamiyendo ulendo wonse, osalola kuti ikwere pamwamba pa basi. Tinasintha basi ku Blantyre. Titayamba kutsika mapiri a ku Chikwawa, mpweya wolowa pawindo unasanduka ngati wochokera mu uvuni. Ndinaona amayi akuvula juzi pagulu, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Kenaka anamasula duku n'kumapukutira m'khosi. "Rozina," anatero, "anthu amakhala kuno dala?"

Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Kulira kwa Dalitso tinakumva tili panja, kulira kosasa, kotopa. A Felesita anali ataonda, maso atalowa. Kamwanako kanali kofiira m'khosi, m'khwapa ndi m'mapindiko monse, tsitsi litamatirira pamutu. Amayi sanakhale n'komwe pansi. Anamusambitsa, kumugoneka pamphasa atavala thewera lokha, kutsitsa neti, n'kuyeza mapazi atatu kuchokera pamphasapo. "Ika apa. Dina lachiwiri."

Ndinadina. Neti inayamba kupuma, kulowa, kutuluka. Dalitso analirabe kanthawi, kenaka kulira kunayamba kuduka, n'kusanduka kusisima. Anatambasula timanja take. Tonse atatu tinali chilili, tikumuyang'ana. Kenaka m'nyumbamo munatsala mawu a fani okha. A Felesita anagwada, kuika khutu pafupi ndi neti kuti amve ngati akupuma, ndipo atadzuka misozi inali mbwembwembwe. Mwanayo anagona mpaka dzuwa kupendeka, ndipo atadzuka anayamwa mabere onse awiri.

Tsopano tamverani za amayi. M'nyumba monse malo opumirako anali amodzi, patsogolo pa faniyo. Iwo anatenga mpando n'kukakhala kumbuyo kwake, pakona, pamene mphepo siinkafika. Thukuta linali kamukamu, bulauzi itanyowa yonse, mapazi atatupa.

"Amayi, sunthirani kuno mupumeko," anatero a Felesita.

"Iyayi. Ndingamuthere mwana mphepo."

Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Ine, ukatswiri utandibwerera, ndinayamba kuwaphunzitsa kuti mphepo ya fani siitha, bola magetsi alipo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Unalowamo iwe, kuti uone kuti yatsala yochuluka bwanji?" Tinakhala kumeneko masiku anayi, totupa ta Dalitso tikuuma tsiku ndi tsiku, ndipo masiku anayi onsewo amayi sanakhale patsogolo pa faniyo ngakhale kamodzi. Akafuna kudutsa ankazungulira kumbuyo.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene amayi analili nthawi imeneyo. Ndagulapo zinthu zambiri, ndipo ndikaima m'sitolo maso akathamangira chonyezimira, ndimadzifunsa kuti chinthuchi chikukatumikira ndani, ndipo iyeyo akusowa chiyani. Zimenezo ndinaziphunzira pa lichero lija. Koma za pakona paja zinanditengera zaka zambiri, mpaka nditabereka wanga, kuti ndizimvetse. Pa nkhani ya magetsi ndinalondola ndine, mphepo ija sikanatha. Kungoti amayi analibe njira yotsimikizira zimenezo, ndipo pa chinthu chokhudza moyo wa mwana sakanatengera mawu a katswiri wa zaka khumi ndi chimodzi. Anasankha kupsa masiku anayi kusiyana n'kuyesa. Ine ndinali pamphepo, ndikuwaseka.