Mzere wa chaka chobzala kawiri

Bambo anga ndi ocheka matabwa ku Neno. Tsiku limene ndinawauza kuti ndapeza sikolashipu yopita ku Dublin kukaphunzira kuwerenga mizere ya m'mitengo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndege yonseyo kukawerenga mizere ya thabwa? Ukanangobwera kudzenje kuno, bwenzi nditakuwerengetsa ulere, n'kukupatsanso utuchi wa basera."

Ine ndine wamtima wapachala, ndinatengera iwo omwewo. Ndinawayankha mwamwano kuti kucheka si kudziwa. Komabe ndi iwo amene anandidulira zidutswa khumi ndi ziwiri za mlombwa, zozungulira ngati mbale, pa zitsa za mitengo imene anagwetsa chaka chimenecho. Ndinanyamuka tisanagwirizane, ndipo kwa miyezi yambiri foni ndinkangoyimbira amayi.

Ntchito yake poyifotokoza ndi yosavuta. Mtengo umawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse. Mvula ikagwa bwino mzerewo umanenepa, kukagwa chilala umaonda. Ukayamba kuwerenga pa khungwa kulowera mkati, ukubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, ndipo mtengo umakuuza za mvula ya zaka zimene kunalibe wolemba. Anzathu a ku Ireland anachita zimenezi ndi mitengo yofukula m'madambo awo mpaka kufika zaka zikwizikwi. Ine ndinkafuna kuonetsa kuti mlombwa wa kwathu kouma kuja nawonso umasunga zaka. Aphunzitsi anga, bambo wachikulire wolankhula motsitsa, ankakayika. Ankati mitengo yambiri ya kumaiko otentha siidalirika pa nkhaniyi.

Ndinafika chuma cha dzikolo chitagwa chagada. Ndinkakhala ku Clondalkin, ndipo basi ya m'mawa inkadutsa nyumba zosiyidwa pakati, zopanda mawindo, udzu utamera pakhomo. Ku labu, mayi amene ankasalaza matabwa anachotsedwa ntchito, ndiye sandipepa ndinkagwira ndekha mpaka zala kuyera ngati ndachokera kuchigayo. Kenako aphunzitsi anandiitana n'kundiuza mosapita m'mbali kuti chaka chino palibe wowonjezeredwa nthawi. Mwezi ukatha ndisanaonetse kuti mizere yanga ikugwirizana ndi mvula, ndibwerera kwathu wopanda digiri.

Vuto linali chaka chimodzi basi. Ndinali ndi pepala la mvula yoyezedwa kufupi ndi kwathu, nambala imodzi pa chaka. Zaka zaposachedwa zinkagwirizana bwinobwino, chilala pa mzere woonda, mvula pa mzere wonenepa. Koma ndikangolowa mkati ndithu, zonse zinkaphonyana ndi chaka chimodzi, pa zidutswa zonse khumi ndi ziwiri. Penapake panali mzere wabodza. Koma uti? Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi inkaoneka yokayikitsa, ndipo ndinasankhapo umodzi n'kupita nawo kwa aphunzitsi.

"Sungafufute mzere chifukwa choti ukukusowetsa mtendere," anatero. "Undiuze chimene chinachitikira mtengowo chaka chimenecho."

Ndinatuluka nditapsa mtima, chitseko chinadziwa. Nanga ine ndinali pamenepo? Pepala la mvula silinkaonetsa chaka chachilendo ngakhale chimodzi m'zaka zimenezo.

M'nyumba ndinkakhala ndi mayi wina wa ku Zambia, wamkulu kwa ine, amene ntchito yake ya m'nyumba yosungira katundu ku Santry inali itangotha kumene. M'malo moti ine ndimutonthoze, ndi iye amene ankamvera madandaulo anga. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi ndinayamba nyimbo yanga yomweyo, iye akupinda zovala.

"Iwe, manje watilemesa," anatero. "Amene anadula mitengo yako ni ndani? Si atate ako? Tuma foni chabe."

"Asisi, bambo anga sadziwa za sayansi."

"Aa! Nanga iwe odziwa, wafika pati?"

Anandilasa pamtima. Ndinatenga foni. Kumudzi netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndiye ndinadikira amayi aitane bambo, ndikumva kupuma kwa bambowo akukwera.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Kodi mizere ija yatha?"

Ndinameza mwano umene unali utafika kale pakamwa. Ndinawafunsa ngati anaonapo mlombwa ukuyoyola masamba pakati pa dzinja.

Sanaganize n'komwe. "Kamodzi. Chaka chobzala kawiri."

Anati mvula inayamba bwino, chimanga n'kufika m'mawondo, kenako kumwamba kunangoti mbee, milungu n'kumapita. Chimanga chinapserera chili chiimire. Milombwa inayesa kuti chilimwe chafika, inayoyola masamba onse. Anthu atataya mtima mvula inabweranso, yamphamvu, mpaka mitsinje kusefukira. Mitengo inaphukanso masamba atsopano, iwo n'kubzalanso, ena chimanga, ena mbatata.

Mtengo unaima kukula n'kuyambiranso, mizere iwiri chaka chimodzi! Ndipo mvula yomalizayo inakwaniritsa nambala ya chaka chonse, n'chifukwa chake pepala langa linali duu.

"Chinali chaka chanji, Ababa?"

"Ine ndine kalendala? Iwe unali kumsana kwa amako, dzino lisanamere."

Chaka changa chobadwa ndimachidziwa. Lolemba ndinakwera basi yoyamba, ndinaika chidutswa pansi pa maikulosikopu, n'kuwerenga zaka zanga kuchokera pa khungwa. Mayo ine! Unali pomwepo, ndipo sunali umene ndinasankha uja. Mzere weniweni wa mlombwa umathera pa kamzere koyera, kakuthwa. Uwu unkangozilala pang'onopang'ono, wopanda malire. Ndinaupeza pa chidutswa chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza. Nditauchotsa pa chiwerengero, zaka zonse za m'mbuyo zinagwera m'malo mwake.

Aphunzitsi anayang'ana zidutswazo chimodzichimodzi. Kenako anaitanitsa nambala za mvula ya chaka chimenecho mwezi ndi mwezi, ndipo zitabwera, pakati pa dzinja panalidi mpata wouma. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti anandiuza ndani. Nditawauza, anati dzina la bambo anga lilembedwe mu lipoti la kafukufuku wanga, pakuti umboni unachokera kwa iwo. Digiri inali isanafike m'manja, koma njira yake inali itatseguka.

Lamlungu lotsatira ndinayimbanso kumudzi, bambo n'kukweranso chulu chawo.

"Ababa, ndinalakwitsa. Ndinakuyankhani mwamwano tsiku lija. Mundikhululukire."

"Ndiye ndege yonse ija inali yoti ukandifunse uli kutali?" Anaseka, inenso ndinaseka, misozi ili mbwembwembwe. Kenako mawu awo anatsika. "Chaka chimenecho sindichiiwala chifukwa cha mitengo ayi. Amako mkaka unauma. Unaonda, mwanawe, mpaka kulira unasiya. Ine ndinali nditayang'ana kale thabwa."

Ndinamvetsa thabwa limene ankanena: la bokosi la maliro anga. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo. Ndinakhala pansi m'khitchini muja, mnzanga wa ku Zambia atasiya zimene ankachita n'kundigwira paphewa.

"Ndiye tandiuza," anapitiriza, "iwe wodziwa. Mzere wa chaka chotsatira ukuoneka bwanji?"

"Wonenepa, Ababa. Wonenepa kuposa yonse yoyandikana nayo."

"Eya," anatero. "Chaka chimenecho unayenda. Thabwa lija ndinakhomera chitseko."