Mphira m'lamba wa hatchi

Kampani yomwe ndinkagwirako ukalaliki itagulitsidwa, amalume ananditenga kwawo ku Mtendere. Anali osoka nsapato, koma za salaula, zovalidwa kale zochokera kunja, zitadzaza m'misika, anayamba kusokera malamba eni mahatchi a m'mafamu.

Panali lamba mmodzi yemwe ndinkadana naye. Ankachoka pakamwa pa hatchi n'kukamangidwa pachifuwa, kuti hatchi yophunzira kukweredwa isamadzutse mutu.

"Amalume, iyi ndi nkhanza!" ndinatero. "Mukusokeranji zoterezi?"

Sanalimbane nane. Anadula mphira wa chubu cha njinga n'kuusokerera pakati pa lambayo. "Takoka," anatero. Nditakoka, lamba anatamuka, kenako n'kubwerera yekha.

"Wopanda mphira amaumitsa khosi, hatchi imagonja uku ikusunga mkwiyo," anatero. "Uyu amangoikumbutsa."

Ine singano ndinkaikana. Kalaliki angasoke zikopa? M'mawa uliwonse ndinkavala tayi kukasaka ntchito m'tauni, ntchito yomwe kunalibe. Amalume sanandiletsepo. Pobwerako ndinkangopeza kampando kachiwiri pambali pawo, singano ili pamwamba.

Lero ana anga akudyera singano yomweyo. Amalume anandikoka ndithu, koma khosi silinandiwawepo.