Kilatchi ya amuna, bondo la NyaTembo

Lolemba lapitali ndinaperekeza a Chisi, oyandikana nawo nyumba, ku galaja ina kuseri kwa msika wa pa Boma. Pikapu yawo yadizilo inali itapsa kilatchi pa chitunda, ikuchokera ku Luwawa itasenza matabwa. Amene munayendetsapo galimoto mukulidziwa fungo lake, lija la nsanza yogwera pamoto. Injini imangolira, galimoto osasuntha.

Pikapu imeneyi ndiyo munda wa banja la a Chisi. Imakatenga matabwa kunkhalango n'kudzagulitsa kwa akalipentala m'tauni muno. Ikaima, kunyumbako zinthu zimaimanso. Ndipo sabata imeneyi mulu wa matabwa awo, ocheka kale, unali kudikira m'mbali mwa msewu ku Luwawa, mitambo itayamba kuda. Thabwa la paini likanyowa limada n'kupindika, kalipentala salifuna.

Makaniko, a Mhone, anatulutsa makatoni awiri n'kuwaika pa boneti.

"Iyi ndi yawamba, bwana, yofanana ndi yapsayi. Koma iyi ndi ya hevi. Yamphamvu chomene. Mukaika iyi mbwenu mwaiwala. Olo mukwezemo ng'ombe za malowolo, siimva kanthu."

Tinalipo ine, a Chisi, makanikoyo, ndi bambo wina wodikira tayala lake, amene palibe anamufunsa maganizo koma anawapereka ndithu. Aliyense anainyamula kilatchiyo, kuiyesa kulemera m'manja ngati tikugula dzungu. Yawamba ija sitinaikhudze n'komwe. Mwamuna wake uti angasankhe chofooka amuna anzake akuona?

Tinagwirizana: ya hevi.

Kuika kilatchi si masewera. Imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi, ndiye kuti uifikire uyenera kumasula shafti n'kutsitsa giyabokosi yonse. Pagalaja paja palibe makina okwezera galimoto. Pali dzenje, chingwe ndi thabwa, basi. A Mhone analowa m'dzenjemo m'mawa, anatulukamo dzuwa litapendeka, mafuta mpaka m'makutu. Anakwecha chitsulo chimene kilatchi imagwirapo mpaka chinasalala, anailunjika pakati penipeni, anasintha beringi, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana kuti isapendekere mbali imodzi. Ntchito inali yabwino, ndisaname.

Atamaliza anakwera, anaponda, nati, "Yalimbako pang'ono. Koma ndiye ya amuna imeneyi."

Tinaseka, n'kubalalika.

Tsopano ndikuuzeni chimene ine, a Chisi ndi a Mhone tinkachidziwa bwino lomwe. A Chisi sayendetsa galimoto. Chiyambireni matenda a shuga kuwafooketsa maso, woyendetsa ndi akazi awo, NyaTembo, mayi wochepa thupi amene amaika pilo kumsana kuti phazi lifike bwino pansi. A Chisi amakhala mbali inayo, chigongono pawindo, kupereka moni kwa anthu. Tauni yonse imawaona akudutsa chonchi, komabe imati galimoto ya a Chisi, ndipo ikawonongeka opita ku galaja ndi a Chisi. Kuno galaja ndi malo a abambo, monga kulili kukhola la ng'ombe.

Lachitatu anapita ku Luwawa. Pobwerera, pa chitunda chomwe chija, anakumana ndi ng'ombe zikudutsa msewu mosafulumira, monga zimachitira ng'ombe za kuno. NyaTembo anaima, anaponda kilatchi, n'kudikira. Mwendo unayamba kunjenjemera. Chitsulo chinawakankha phazi, injini n'kuzima, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo ndi katundu yense. Anaigwira ndi buleki, a Chisi n'kutsika kukafufuza miyala yoika kumatayala, ndi maso awo omwe aja. Kuti achokepo anatsitsa theka la matabwa n'kuwasiya pomwepo. Madzulo ake mvula inagwa.

Nyumba zathu zimalekana ndi mpanda waudzu, choncho zotsatirazi sindinachite kufunsa. Anayamba ndi NyaTembo, kuwaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo, monga amachitira kuno.

"Awiske Wezi, ndapota, mwaikamo chiyani m'galimoto muja? Mwala?"

"Ndi ya hevi, anyina Wezi. A Mhone akuti siidzapsanso."

"Yewo. Iyo siipsa, lipsa ndi bondo langa. Munasankha ndinu, mbwenu pondani ndinu."

Ndinamva makiyi akugwera patebulo.

Wolakwa ndani? Makaniko sananame, kilatchiyo ndi yamphamvudi. A Chisi sanafune kuzunza akazi awo, amafuna galimoto isawaferenso pa chitunda. Amati mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu inalipo yokwanira, mpaka wina wapadera. Chinasowa ndi phazi.

Ndipo si za kugalaja kokha. Ndagwira ntchito ya uphunzitsi m'boma lino kuyambira pamene ananditumiza kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo ndakhalapo m'makomiti ambiri. Ndinaonapo abambo akutsutsana mpaka thukuta za malo okumbapo mjigo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anasenzapo ndowa. Anasankha pamalo okongola, pafupi ndi msewu, kuti alendo aziuona. Amayi amatsika nawo madziwo pa thanthwe loterera mpaka lero. Kusukulu kunabwerapo madesiki olimba, achitsulo, oti adzagwiritsa ntchito ndi adzukulu. Ana a Sitandade 1 atakhalapo, miyendo inali lendelende, chibwano pa thabwa. Tinawabwezera pansi, madesikiwo n'kuwaunjika kumbuyo kwa kalasi. Mpaka pano ngolimba.

Timakonda mawu akuti cholimba. Tikamva kuti chinthu n'cholimba, mafunso amatha. Koma kulimba kwa chinthu pali amene amakumva m'thupi mwake tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri ameneyo sakhalapo posankha. Amakhala akuchapa, kapena ali pamzere kuchipatala, kapena waima panja poti m'katimo muli akuluakulu. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife chitseko timatsekula tokha, m'mimba muli mwa wina.

Sindikunena kuti kilatchi ya hevi ndi yoipa. Kwa munthu wa mwendo wake, wonyamula katundu wolemera m'zitunda zathuzi, ndi yabwino. Kungoti musanagule, funsani kaye kuti aziponda ndani, ndipo ameneyo apite nanu.

Dzulo ndinadutsanso pagalaja paja. Giyabokosi inali pansi kachiwiri. Ya hevi ija ili pa shelefu, poti yoikidwa kale kusitolo sailandira. Theka la matabwa likadali pa chitunda, ndipo odutsa kumeneko akuti ayamba kuda. Ulendo uno NyaTembo anabwera limodzi ndi a Chisi, osaitanidwa. Anakhala pa tayala lakutha, bondo atalimanga ndi kansalu, akuyang'ana ntchito yonse.

A Mhone anatuluka m'kachipinda kawo ndi makatoni ena awiri, onse a kilatchi yawamba koma ya mafakitale osiyana. Anawalambalala mayiwo mwaulemu ndithu, mpaka kunena kuti "zikomo, amama", n'kukaima pamaso pa a Chisi.

"Bwana, tiike iti?"

A Chisi anayandikitsa katoni kumaso, kuyesa kuwerenga zilembo zimene sangathe kuziona. NyaTembo anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene anaima makanikoyo.

Nanga kwanuko, chimene mwagula sabata ino, aziponda ndani?