Mphutsi za Nthula ndi Mwala wa M'kamwa Mwanga

Zochotsa mphutsi m'mano pa sukulu ya apadiri ndinayambitsa ndine, ndipo ndisaname, ntchitoyo inkandikhala. Ndinaonera mkulu wina pa msika wa ku Domwe. Umaika njere za nthula pa phale lotentha n'kuvundikira ndi chikho choboola, wodwala n'kumakoka utsi ndi bango. Njere zikapsa zimaphulika n'kutulutsa timichira toyera, ndiye umatigwetsera m'mbale ya madzi n'kumuuza munthuyo kuti mphutsi zake ndi zimenezo. Nditakayesa kwathu, popanda dzino la munthu pafupi, mphutsi zinatuluka ndithu. Ndinaseka mpaka kugwa, ndipo pobwerera ku sukulu ndinanyamula nthula zodzaza thumba.

Anyamata ankandipeza kuseri kwa khola la nkhumba, ena dzino likuwawa, ena kungofuna kuona, ndipo ankandithokoza ndi nzimbe ndi zisa za uchi. Ndinkatafuna tsiku lonse. Mswachi sindinkaugwira, poti sing'anga wa mano ndinali ine.

Chizindikiro choyamba chinali magazi pa nzimbe. Munali mu Junyu, chisanu chitayamba kupsereza masamba a mbatata. Ndinati ndadzicheka ndi khungwa. Koma magazi sanaleke, nkhama zinatupa n'kuda, ndipo Furansiku, mnzanga wokhala naye m'kalasi, anayamba kumvera phunziro atayang'ana kukhoma. Ananena kuti nkhumba za apadiri zikundiposa fungo labwino. Mu Julyu dzino lakutsogolo linayamba kugwedera, ndipo la chigayo lakumanzere linkagunda pamodzi ndi mtima. Kuuza apulofesolo, aphunzitsi athu, sindikanatha, chifukwa sukulu yonse ikanadziwa kuti sing'anga walephera dzino lake lomwe. Mantha ndi chinthu china. Ndinapita ndekha kuseri kwa khola n'kudzifukiza nthula, bodza lake ndikulidziwa bwinobwino.

Kenaka tsaya linatupa mpaka diso kuchepa. Thupi linatentha, kumeza malovu kunali ntchito, ndipo kamwa linkangotseguka polowa chala chimodzi. M'mawa wina ndinalephera kudzuka. Furansiku anandibweretsera phala, ataona kuti supuni sikulowa anathamanga kukatenga bango langa lija lofukizira kuti ndiyamwire. Nditaliona bangolo, ndinakumbukira za kwathu. Amalume anga, atabwerako ku chibalo, anatupa tsaya chimodzimodzi. Amayi ankawamwetsa phala ndi bango mpaka kukhosi kunatsekeka, ndipo tinawaika sabata lisanathe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamenepo, koma kapumidwe kawo ndimakamvabe. Ndinamugwira Furansiku mkono n'kulankhula mano ali olumana kuti akaitane apulofesolo, ndipo akawauze zonse, za nthula zomwe.

Anandikweza pa kamyau wa apadiri, galimoto ya katundu yopita ndi mbatata ku Vila Coutinho. Bampu iliyonse inkafika m'dzino. Pachipatala ife anthu akuda timadikira pa khonde lakuseri, ndipo ndinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, pakati pa mayi wa mwana wotsokomola ndi bambo wotemedwa ndi nkhwangwa. Amayi anandipeza pomwepo, atayenda pansi kuchokera kumudzi. Sanandikalipire. Anangoyang'ana tsayalo n'kukhala pansi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ululu.

Dotolo wachizungu anandikanula pang'ono ndi kachitsulo, nayang'ana, nauza enifermero, namwino wake a Mateyu, mawu ochepa. Chipwitikizi ndimachimva, ndipo ndinamva liwu lakuti pedra, mwala. Mtima unalumpha. Ndinaganiza kuti wina mwa anyamata amene ndinawapusitsa wanditumizira mwala m'kamwa, ndipo ndinayamba kuwawerenga mmodzimmodzi kuti wa agogo odziwa zitsamba ndani. A Mateyu anandiyang'ana n'kufunsa chimene chavuta. Nditawauza anapukusa mutu.

"Palibe wakulodza, mphwanga. Mwalawu waumba wekha. Ndi zotsalira za chakudya zimene zauma m'mphepete mwa nkhama. Koma tiyambe taphwetsa tsayali, chifukwa likatsikira kukhosi nkhani ikhala ina."

Tsiku lomwelo anacheka chotupacho mkati mwa kamwa, mafinya n'kutuluka ochuluka moti amayi anatuluka panja. Anandigoneka m'chipinda cha amuna. M'mawa uliwonse belu likalira ankatiyeza kutentha kwa thupi, kenaka singano ya penisilina pa thako, kenaka kuchukucha ndi madzi ofunda a mchere. Pakati pa zimenezi panalibe china koma kudikira. Ine ndinkangodzigwira pakhosi kuti ndione ngati chotupa chatsika, ndipo ndikameza ndinkamvetsera ngati malovu adutsa. Masiku oyamba sindinaseke ngakhale kamodzi, ine Lukasi. Tsiku limene zala ziwiri zinalowa m'kamwa, amayi anapita kukagula nthochi, ndipo ndinadya theka.

Kutupa kutatha anazula la chigayo lija ndi mbaniro, ndi lakutsogolo lomwe, poti linali litangotsala kulendewera. Patapita masiku anandikhazikanso pampando kuti apale mwala pa mano otsala. Chitsulo chake n'chaching'ono, chopindika kunsonga, ndipo chimalira m'mutu monse ngati khasu pa nsangalabwi. Ndinagwira mpando mpaka zala kuchita dzanzi. Atamaliza, a Mateyu anandionetsa mbale ya madzi, pansi pake pali tizibenthu takuda ndi tachikasu. Nkhani ya nthula anali ataimva kwa apulofesolo.

"Asing'anga, zanu zija zinali njere, izi ndiye zenizeni," anatero. "Mwala ukagwira, mswachi suuchotsa, umafuna chitsulo. Ukanabwera magazi atangoyamba, mano awiriwa ukanapita nawo kwanu."

Tsopano ndili bwino. Magazi analeka, nkhama zinabwerera mtundu wake, ndipo Furansiku anayambanso kuyang'ana kutsogolo. Ndimatsuka ndi mswachi m'mawa ndi madzulo, ndipo a Mateyu anandiuza kuti ndizipita azikandiona pa tchuthi chilichonse ngakhale pasakuwawa paliponse. Ndimapita, ngakhale chitsulo chija ndimachiopabe. Inu anzanga, mukaona magazi pa nzimbe kapena pa chimanga chootcha, kapena mnzanu akayamba kukuyankhulani atatembenuka, musadikire tsaya. Pitani akakupaleni kamwa likutsegukabe. Ndipo wina akakuonetsani mphutsi m'mbale, mumuuze afukize mpando, muona kuti nawonso uli nazo.

Chilango sichinandiphonye. Apadiri anadikira kuti ndinenepe kaye, kenaka mbalamatodya, kathabwa komenyera, m'manja onse awiri pamaso pa sukulu yonse. Anawonjeza kuti Loweruka lililonse ndizikadula miswachi ya chipinda chathu chonse, ndipo tsiku limene a Mateyu abwera ku sukulu ndizitsogolera mzere wa onse amene ndinawafukiza. Manja anatupa masiku awiri, koma kwa munthu amene anatupapo tsaya, zimenezo ndi zoseweretsa. Ndiponso mpata wa dzino lakutsogolo uja uli ndi ntchito yake. Ndikaikapo lilime bwino umalira ndendende ngati pito wa apulofesolo. Dzulo kalasi yonse inatuluka kukadya nthawi isanakwane, ndipo mpaka lero apulofesolo akusecha m'matumba mwathu kufuna amene ali ndi pito wachiwiri.