Njanji Yathu ya Mumtengo

Dzulo ku Chipata ndinaona mbuzi zitagona pakati pa njanji, udzu ukufika m'chiuno. Ndinagwira chitsulocho, ndipo fungo la dzimbiri m'manja linandibwezera kusukulu kwathu ku Jumbe.

Belu lathu linali chidutswa cha njanji chopachikidwa mumtengo wa msikizi. Tsiku lina kunabwera bwana wofuna mavoti, nachiloza ndi ndodo. "Ana inu, njanji yayamba kale kufika. Yotsalayo ili m'njira."

Ine ndinada nkhawa. Sitima ingakwere bwanji mumtengo? Loweruka ine ndi mng'ono wanga tinamasula waya, tinakoka chitsulocho mpaka kumsewu, n'kuchigoneka choloza ku Mfuwe kuti boma lione poyambira. Tinasesanso pamalopo.

Lolemba sukulu inayamba mochedwa. Ahedi anandigwira khutu.

"Anakutuma ndani?"

"Palibe, aphunzitsi. Tinali kuthandiza boma."

"Boma linakupempha?"

Anandikwapula kanayi, ndipo njanji ndinaikokanso kubwerera nayo kumtengo.

Tsopano ndili ndi imvi. Chidutswa chija chimalirabe m'mawa uliwonse, ndipo ndi njanji yokhayo kwathu kuno imene sinachedwepo, kupatula tsiku limene ndinakhulupirira bwana uja.