Mkono wa Mayi a Kumbuyo

Dzina loti Mayi a Kumbuyo anawapatsa ndi anzake a mwamuna wawo a m'gulu loimba, ndipo linawakanirira. Kulikonse kumene gululo linkaimba, kaya ndi paukwati, paphwando la kampani kapena m'holo ya sukulu, mayiwa ankapezeka kukhoma lakumapeto, pafupi ndi chitseko chodutsira operekera zakudya. Sankavina. Ankamvetsera.

Mwamuna wawo, amene aliyense ankawatchula a Nsambo, ankaimba gitala yamagetsi. Iwo ankati woimba gitala ndi munthu womvetsa chisoni, chifukwa chimene amamva ataima pafupi ndi ampu, chokuzira mawu a gitala, si chimene chimafika kwa anthu akumbuyo. Choncho kuyambira ali ongokwatirana kumene, anagwirizana zizindikiro. Mkono wamanja wa mayi ukakwera kupitirira mutu, ndiye kuti mawu a gitala afika odzaza, asakhudzenso chilichonse. Ukathera paphewa, ndiye kuti achepa, aonjezere. Mkono wamanzere sunali wa gitala, unali wa woimba pakamwa ndi maikolofoni yake.

Mkati mwa sabata mayiwa ankasita zovala za anthu pamalo ena ochapira. Imeneyo inali ntchito, inali ndi dzina ndi malipiro. Ya Loweruka inalibe dzina. Ankapinda zingwe, kuchapa ndi kusita shati yoimbira, kusunga nsambo zapadera m'kachikwama, kuima kumbuyo mpaka nyimbo yomaliza. Koma yaikulu pa zonse inali kunyamula Mkazi Wamkulu.

Mkazi Wamkulu inali ampu ya a Nsambo, chibokosi chakuda chofika m'chiuno, cha ngodya zachitsulo, chonunkha fumbi lotentha. Anaigula asanakwatire, ndipo pamene mayi ankalowa m'nyumbamo anaipeza itatenga kale ngodya yabwino, kutali ndi zenera lodontha. Dzinalo mayi analipeka okha tsiku lina akuseka. Kuseka kunatha, dzina linatsala.

A Nsambo sanali munthu wankhanza. Anangokhala ndi lamulo limodzi limene analitola kwa woimba wina ali mnyamata: zala za woimba sizinyamula katundu asanaimbe, zimauma. Akamaliza kuimba, zalazo zinkakhala zitatopa, komanso pankakhala anthu ofuna kuwagwira chanza. Kale woimba ng'oma ankathandiza kunyamula, koma anasamuka. Banjali linkakhala m'zipinda zam'mwamba, pamwamba pa shopu yomatira matayala, ndipo masitepe ake anali opapatiza, okhota pakati. Mayi ankagwira chogwirira chapamwamba ndi dzanja lamanja, n'kutsamiritsa chibokosicho pantchafu, n'kumatsika sitepe imodzi imodzi. A Nsambo ankatsogola ndi gitala kumsana, akucheukacheuka.

"Pang'onopang'ono, mayi. Muli mababu m'menemo."

Phewa lamanja la mayi linayamba ngati nthabwala. Linkanyung'unya m'mawa, simbi ikatentha n'kuiwalika. Kenako linakana kuiwalika. Kuchipatala anawauza kuti laperepeseka, alipumitse. Anafika kunyumba n'kunena, ndipo a Nsambo anamva chisoni chenicheni. Anagula mafuta opaka, anawasisita ndi zala zawo zodulazo. Kenako Loweruka linafika monga mmene limafikira.

M'maholo, mkono unayamba kuthera paphewa. Mayi ankafuna kuukweza, koma ukafika pamenepo unkachita ngati wagunda denga. A Nsambo akaona choncho ankaonjezera voliyumu. Anthu akutsogolo ankatseka makutu, woimba pakamwa ankadandaula kuti akumizidwa, koma mkono unali pomwepo. Tsiku lina akubwerera, a Nsambo anapukusa mutu.

"Mkazi Wamkulu wakalamba. Sakufikanso kumbuyo. Tigule ina."

Mayi anatsegula pakamwa kuti akonze nkhaniyo, koma mawu oti "tigule ina" anawatseka. Anali ataona oimba achinyamata akulowa m'maholo ndi timaampu tonyamula ndi dzanja limodzi ngati chikwama cha kumsika. Anangoti, "Chabwino, bambo," n'kuyang'ana pazenera.

Shopu ya zoimbira inali yaitali m'mwamba koma yopapatiza, makiyibodi atasanjikizana mpaka kudenga, chitseko chili chotsegula kuyang'ana msewu. Mwini wake anali bambo wonenepa, magalasi akulendewera pachifuwa ndi kachingwe. Anamvetsera a Nsambo akufotokoza, kenako anawerama n'kutulutsa kabokosi kansalu yotuwa kutsogolo, kosafika n'komwe m'mawondo. Anakanyamula ndi zala zitatu.

"Yesani aka, madala."

"Achimwene, ndati ampu. Wailesi ya m'khitchini tili nayo kale."

"Masiku ano mphamvu sikhala m'thupi. Onani ine, thupi lonseli koma masitepe amandigonjetsa."

"Timeneti ndimatidziwa. Timalira ngati udzudzu uli m'chitini."

"Lumikizani kaye. Kakalira ngati udzudzu, ndikupatsani ulere pamodzi ndi neti."

A Nsambo anakhala pampando, analumikiza gitala, anapotokola timabatani mosafuna. Atakhudza nsambo yaikulu, botolo lamadzi limene linali pashelefu linanjenjemera. Anakhudzanso. Mayi anaona nsidze zawo zikukwera, kenako zikubwezedwa msanga pamalo pake.

"M'kachipinda ngati kano ngakhale mphaka amamveka ngati mkango," anatero a Nsambo. "Mayi, tapitani kumbuyo."

Kumbuyo kunalibe, choncho mayi anaoloka msewu, chikwama cha zingwe chili paphewa lamanzere, n'kukaima pakhonde la ometa tsitsi. Kuchokera pamenepo ankawaona amuna awo pakhomo la shopu, kabokosi kali pambali pa phazi lawo.

Nyimbo inayamba. Inadutsa pakati pa magalimoto osataya kanthu panjira. Mawu apansi anafika onenepa, ofunda, omveka m'chifuwa. Apamwamba anafika oyera koma osabaya makutu. Mayi anali atamvetsera gitala imeneyo kuchokera kumakoma ambiri, ndipo anadziwa nthawi yomweyo kuti kabokosiko kakhoza kudzaza holo iliyonse imene gululo linkaitanidwako. Kwa kanthawi anaiwala chimene anaimira pamenepo. Inali nyimbo imene a Nsambo ankaimba kale, tsitsi lisanayambe kuthothoka.

Anakweza mkono. Unafika paphewa n'kuima, ululu n'kutsika mpaka m'chigongono.

A Nsambo anawerama n'kuonjezera voliyumu.

Mayi analuma mano n'kuyesanso. Mkono unakwera pang'ono, n'kubwerera. Phokoso linakula, njiwa zinauluka padenga la shopu. Anatula chikwama pansi n'kukweza wamanzere mpaka m'mwamba, koma a Nsambo anangoyang'ana uku ndi uku ngati akufuna woimba pakamwa amene panalibe, n'kupukusa mutu.

Wometa anatuluka, makina ali m'manja. "Mayi, ngati mukuimitsa basi, siima pano. Pitani pakona."

Nyimbo inaduka. Kudzera pachitseko, mayi anaona mwini shopu akukoka china chake kuchokera mkati, akupumira m'mwamba. Chinali chibokosi chachikulu kuposa Mkazi Wamkulu, cha masipika awiri. A Nsambo anali akuchisisita pamwamba ngati ng'ombe yapamsika. Mayi anachiyang'ana, ndipo m'maganizo mwawo anaona pokhota pa masitepe akwawo paja, pamene munthu umayenera kuchikweza chibokosi kuti ngodya isagunde khoma. Anatola chikwama n'kuolokanso msewu.

"Mwaonatu, achimwene," a Nsambo ankanena. "Makutu a mayiwa sanama. Kachepa."

"Sikanachepe," anatero mayi. "Kamveka bwino. Kamveka bwino kuyambira poyamba pomwe, musanaonjezere."

"Nanga mkono bwanji?"

"Mkono ndi umenewu."

Anaukweza pamaso pawo, pang'onopang'ono, mpaka pamene unathera. Anausiya pomwepo.

"Apa ndiye pamwamba pake tsopano, bambo. Miyezi yonseyi."

A Nsambo anayang'ana mkonowo nthawi yaitali. Mwini shopu anavala magalasi n'kuyamba kumasula chingwe chimene sichinali chopiringizika.

"Ndiye kuti Mkazi Wamkulu..."

"Ali bwinobwino. Akulira ngati kale. Wakalamba ndine."

"Bwanji osanena, mayi?"

"Ndinanena. Munagula mafuta."

Panja galimoto inaliza hutala. A Nsambo anatsitsa maso, koma masowo anakagwera pachibokosi chachikulu chija, ndipo mayi anaona kuti mtima wawo sunachokepo. Munthu amene waima kutsogolo kwa khoma la phokoso moyo wake wonse sakhulupirira msanga kanthu kofika m'mawondo.

"Komabe," anatero a Nsambo motsitsa mawu, "maukwati ena amakhala apabwalo. Mphepo imadya mawu."

"Gulani imene mtima wanu wafuna. Gitala ndi yanu, dzina ndi lanu. Koma imene mugule, munyamula nokha kuchokera pano mpaka m'mwamba kwathu, ndi Loweruka lililonse. Ine ndatula."

Sanakweze mawu. Analankhula ngati mmene amauzira kasitomala kuti banga ili silichoka.

A Nsambo anaimika gitala pakhoma. Anagwira chogwirira cha chibokosicho n'kukoka. Mbali imodzi inadzuka, inayo inakana. Anakokanso, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, chibokosi n'kuchoka pansi pang'ono chabe. Anachitula n'kutambasula dzanja. Pa zala zonse zinayi panali mzere woyera pamene chogwirira chinadinda. Anaupenyetsetsa mzerewo, kenako anayang'ana dzanja la akazi awo.

"Achimwene," anatero, "mumatha kuimba?"

"Makodi atatu. Achinayi ndimachita kubwereka."

"Imbani atatu omwewo. Pa kakang'onoko. Bwezani voliyumu pamene inali poyamba."

Anatuluka n'kuoloka msewu, akuzemba njinga. Mayi anatsala pakhomo. Sanakumbuke tsiku lina lililonse limene iwo anaima pafupi ndi ampu, amuna awo ali kumbuyo. Mwini shopu anayamba kukwapula nsambo ngati akupala nsomba. Kutsidya, a Nsambo anaima pakhonde la wometa, manja ali m'chiuno, mutu utapendekera mbali imodzi. Wometa anatulukanso, anawayang'ana, anayang'ana mayi kutsidya, n'kubwerera mkati.

Patapita kanthawi, a Nsambo anakweza mkono wamanja mpaka m'mwamba.

"Mwaimba moipa kwambiri, achimwene," anatero atabwerera. "Koma kabokosika kanena zoona zokhazokha. Kuipa konse kwafika kutsidya kosachepa."

"Ndiye neti mugula nokha," anatero mwini shopu.

Pobwerera a Nsambo anabereka gitala, kabokosi kali m'dzanja. Ankakasinthasintha kuchoka kumanja kupita kumanzere, ndipo pakona anaima n'kupinda zala, n'kuzitambasula, kuona ngati zauma. Chikwama cha zingwe sanachikumbuke. Chinatsala paphewa lamanzere la mayi, ndipo mayi anangochinyamula. Za tsiku limodzi zinali zitakwana.

Pamasitepe a Nsambo ndiwo anatsogola. Pokhota paja ngodya ya kabokosi inagunda khoma.

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero mayi kumbuyo kwawo.

M'nyumba, Mkazi Wamkulu anali pangodya yake, atafunditsidwa nsalu yake. A Nsambo anaika kabokosi pamwamba pake n'kubwerera m'mbuyo. Kanaoneka ngati mwana wokhala pamiyendo ya azakhali ake.

"Tikapeza womugula, adzatsika bwanji ameneyu?"

"Wogulayo abwere ndi mapewa ake."

"Nanga chizindikiro? Loweruka tidzatani?"

"Ndidzagwedeza mutu. Khosi likadali bwino."

Mayi anakhala pampando, anavula nsapato, anagoneka mkono wamanja pamiyendo ngati chinthu chobwereka. Pansi, omata matayala ankamenya chitsulo. Pamsana pa mpando wina panali shati yoyera yoimbira, yochapa koma yamakwinya, ndipo simbi inali patebulo pomwe imakhala. A Nsambo anayang'ana shatiyo, anayang'ana simbi, kenako anayang'ana zala zawo.

Mayi anatseka maso.

Patapita nthawi anamva mpando ukukokedwa, kenako mawu a amuna awo, otsika ngati a mlendo wofunsa njira.

"Kolala mumayambira mbali iti?"